Adokotala akati "tikukayikira", nkhani siinathe

Pali mawu amene ndatopa nawo kuwamva, m'minibasi, pamaliro, ngakhale pakhomo penipeni pa chipinda chimene ndimaoneramo odwala: "Kuchipatala sanapeze matenda." Wonena zimenezi nthawi zambiri amakhala ali ndi kabuku kake ka kuchipatala m'jumbo. Mukakatsegula mupeza kuti amene anamuona analemba zonse, matenda amene akuwaganizira, zimene wayeza, ndi tsiku loti munthuyo abwerenso. Tsikulo linadutsa miyezi yapitayo. Munthuyo anamva adokotala akuti "sitinatsimikize", iye n'kutengapo kuti amuuza kuti akayesere kwina. Ndipo kwinako amakudziwa kale, chifukwa alamu ake anali atamuuza asananyamuke n'komwe.

Tiyambe ndi malungo, poti ndi pamene timakangana tsiku lililonse. Mwana watentha thupi usiku wonse. M'mawa tamubaya kachala, tadikira mphindi 15 kapena 20, kachipangizo kaonetsa mzere umodzi. Ndikuti, "Mayi, malungo palibe." Nkhope ya mayi yagwa ngati ndawalanda kanthu. "Ndiye LA simundipatsa? Mwanayu ndimamudziwa ine, awa ndi malungo." Palibe amene akunama pakati pathu. Kwathu kuno thupi likatentha, likaphwanya, munthu akamanjenjemera, timati malungo. Kachipangizo kaja kamangofunafuna chinthu chimodzi, tizilombo tobwera ndi udzudzu. Kakati palibe, mwana akudwalabe, ndipo ntchito yanga yangoyamba kumene. Kutentha thupi kungachokere ku chibayo, khutu lotukusira, zilonda zapakhosi, matenda a m'njira ya mkodzo, taifodi, matenda oumitsa khosi, kapena chimfine chimene chitha chokha pakapita masiku atatu. Tsiku loyamba ambiri mwa matenda amenewa amaoneka chimodzimodzi. Ndikamvetsera pachifuwa, n'kuyang'ana m'khutu ndi kukhosi osapeza choopsa, ndimapereka panado n'kunena kuti mubwere naye mkuja, kapena msanga akasintha. Masiku awiriwo ndi mbali ya kuyeza. Matenda ena amafuna nthawi kuti adzionetse.

Koma mayi akatuluka amadutsira pagolosale kapena kwa uja amagulitsa mankhwala pamsika, amene safunsa mafunso. Iye ali ndi yankho nthawi yomweyo, LA kapena fansida wotsala, ndipo mayi mtima wakhala pansi. Ngati anali chibayo, mwanayo wamwa mankhwala a malungo masiku atatu mapapo akudzaza. Tisaiwalenso kumene tachokera. Kale aliyense wotentha thupi ankapatsidwa mankhwala a malungo osayezedwa. Chloroquine anasiya kugwira ntchito, ndipo mu 1993 Malawi linali dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kutenga fansida. Fansida nayenso anafooka, mu 2007 tinasamukira ku LA. Tizipangizo toyezera mwachangu tinafika m'zipatala zathu cha mu 2011 kuti mankhwala apite kwa amene akuwafunadi. Ngakhale mizere iwiri siitseka nkhani yonse. Kachipangizoka kangathe kuonetsabe kuti malungo alipo kwa masabata angapo munthu atachira kale, choncho mwana amene anamaliza LA sabata yatha n'kutenthanso thupi amafunika kumuyang'ana ndi maso awiri.

Mawu osamveka bwino sachokera kwa ife okha. Odwala nawonso amatipatsa zophiphiritsa, makamaka amayi aakulu akakumana ndi dokotala wamwamuna wa msinkhu wa mwana wawo. "M'mimba mukundivuta." "Msanawu." "Sindikumva bwino kumusi kuno." Ndi ulemu, tinaleredwa choncho, ndipo sindikuunyoza. Koma mzere wa odwala ukafika panja, munthu amene wati m'mimba amapatsidwa mankhwala a m'mimba, pamene chimene chinamutulutsa m'nyumba ndi magazi amene wayamba kutaya atasiya kale kusamba. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ngati simungathe kuuza mwamuna, nenani kuti mukufuna namwino wamkazi. Palibe amene angakukalipireni pa zimenezo.

Pali mayi mmodzi amene nkhani yake siinandichokebe m'mutu. Anali wa zaka za m'ma 40, wochita geni pamsika, wamphamvu zake. Anauza namwino, atazungulira kaye ndi nkhani ya msana, kuti akakhala malo amodzi ndi bambo a kunyumba amaona magazi. Namwino anamuyeza khomo la chiberekero ndi viniga monga timachitira, ndipo anaona chilonda chimene sichinali chongowotcha pompo monga timachitira ndi zizindikiro zoyambirira za khansa. Tinadula kanyama kakang'ono kuti katumizidwe kukayezedwa. Namwinoyo anamuuza zoona zokhazokha: "Mayi, tikukayikira khansa, koma sitinganene motsimikiza mpaka zotsatira zibwere. Mutisiyire nambala, ndipo mubwere tsiku ili." Akatswiri oyeza tinyama totere ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, choncho kudikira kumatenga masabata.

M'masabata amenewo achibale anamutengera kwa mneneri wina. Kumeneko kunalibe "mwina". Anamuuza kuti mnzake wa benchi yoyandikana pamsika ndi amene anamutchera chifukwa cha nsanje ya makasitomala. Anamupempherera, anamupatsa madzi m'botolo, n'kumuuza kuti wachira, ndipo kubwerera kuchipatala kudzakhala kukayikira Mulungu. Zotsatira zinabwera. Inali khansa, koma pamlingo woti opaleshoni ikanatheka. Foni sinkapezeka. Alangizi a zaumoyo a m'dera lake anamupeza pakhomo akusankha nyemba, anawalandira bwino, anawapatsa mpando, n'kuwauza mosangalala kuti nkhaniyo inatha.

Anabweranso patadutsa chaka ndi miyezi, atamunyamula. Thupi linali litatha, mwendo umodzi utatupa, mkodzo ukungotuluka wokha, ndipo achibale anali atamupatula m'kachipinda kake chifukwa cha fungo. Chimene tinali nacho chomupatsa ndi morphine wamadzi uja wochepetsa ululu, ndi kuphunzitsa mwana wake wamkazi kumusambitsa ndi kumutembenuza. Mwamuna wake anandikokera pambali pakhonde, chipewa chili m'manja, n'kunena mopanda mkwiyo uliwonse, "Koma adokotala, paja munkati mukungokayikira." Ndinasowa choyankha. Bamboyo sanali wopusa kapena wouma mtima. Anaika mawu awiri pasikelo, la ife lokayikira ndi la mneneri lotsimikiza, n'kusankha limene linkamveka lolemera. Ndani sakanafuna kumva kuti mkazi wake wachira? Chimene bamboyo sanadziwe n'chakuti ife tikafika ponena kuti "tikukayikira khansa" timakhala taona kale chinthu chimene chatidetsa nkhawa kwambiri. Sitimatchula dzina limenelo mwachisawawa. Timangokana kulumbira kanyama kaja kasanaikidwe pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, chifukwa pali zilonda zina zimene zimafanana ndi khansa, ndipo simungachotse chiberekero cha munthu pongoganizira.

Chowawa n'chakuti khansa imeneyi imapereka nthawi. Imayamba ndi kachilombo ka HPV kamene kamafala pogonana, ndipo kwa mayi wa chitetezo chabwino m'thupi pamatha kupita zaka 15 mpaka 20 kuti ifike pokhala khansa yeniyeni. Kwa amayi amene ali ndi HIV imathamanga, zaka 5 mpaka 10, ndipo chiopsezo chawo n'chokwera pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi kwambiri padziko lonse. Komabe kuyeza ndi viniga kumatenga mphindi zochepa, n'kwaulere m'zipatala za boma, ndipo zizindikiro zoyambirira zimawotchedwa tsiku lomwelo. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019. Ndiye mumve mphekesera zake, zoti amatseka kubereka. Amene amanena zimenezi sakayika ngakhale pang'ono, pamene namwino akafunsidwa ngati katemerayu amateteza khansa zonse amayankha moona kuti ayi, mwanayo akadzakula adzayezetsebe. Makolo ena akamva "ayi" ameneyo amabweza mwana.

Wina asati ndikulimbana ndi mapemphero. Inenso ndimapemphera, ndipo zipatala za mishoni monga Nkhoma, Mulanje Mission, Ekwendeni ndi St Luke's ku Malosa zinamangidwa ndi anthu opemphera amene ankadziwa kuti wodwala amafuna zonse ziwiri. Abusa ndi mashehe ambiri amatitumizira odwala, ena amachita kuwaperekeza. Munthu wokhulupirira weniweni amadziwa kuti za mawa sazigwira m'manja, n'chifukwa chake timati "Mulungu akalola" ngakhale pokonza ulendo wa ku Limbe. Amene ndikulimbana naye ndi uja amalankhula ngati Mulungu anamupatsa zotsatira za labu, n'kuletsa munthu kubwera kudzatenga zake.

Zimenezi tinaziona kale. Mu 1995 anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Machinga, pamalole ndi pamabasi, kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, amene ankati anauzidwa kumaloto mankhwala ochiza Edzi. Kapu imodzi, nkhani yatha. Nthawi imeneyo ife kuchipatala tinalibe choti tilonjeze, ndiye sindidabwa kuti anthu anapita. Edzi inapitiriza kupha. Ma ARV atayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, uthenga wake unali wosakoma kuumva: mankhwalawa sachiza, muzimwa moyo wanu wonse, ena adzakuvutani m'thupi ndipo mwina tidzakusinthirani. Ambiri amene anavomera lonjezo lofookalo pano akulera zidzukulu.

Masiku ano mchape uli pa mitengo ya magetsi ndi pa WhatsApp. Pepala limodzi likuti amachiza khansa, shuga, BP, kusabereka, amabweza mkazi wothawa, amapereka mwayi wa ntchito. Ena avala masuti, akugulitsa timabotolo todula ta "zotsuka m'thupi" ndi kamakina kogwira m'manja kamene akuti kamaona matenda onse. Kutsimikiza kwawo sikuwadyera kanthu chifukwa mapeto sawaona. Wodwala akachira, ulemu ndi wawo. Akafooka, akuti chikhulupiriro chinachepa kapena mdani anawonjezera mankhwala, ndipo munthuyo amabwera kudzafera pa bedi lathu, anthu n'kumati anafera kuchipatala. Alipo asing'anga oona mtima amene amati, "Izi si zanga, pitani kuchipatala," ndipo amenewo ndimawalemekeza. Koma munthu amene sananenepo kuti "sindikudziwa" chiyambire ntchito yake, musamupatse mwana wanu.

N'zoona kuti m'zipatala mwathu anthu ambiri amatuluka osamvetsa chimene auzidwa. Timalemba Chingerezi chokhotakhota m'kabuku, nthawi n'kuchepa. Ndiye dziwani izi. Mukaona chizindikiro cha funso patsogolo pa dzina la matenda, monga "?TB", ndiye kuti akuwaganizira matendawo ndipo kuyeza sikunathe. Mukaona "review" ndi deti, limenelo ndi tsiku lanu lobwerera, ngakhale mutamva bwino. Musanadzuke pampando funsani kuti, "Adokotala, mukuganizira chiyani? Ndibwere liti? Ndikaona chiyani ndisadikire tsikulo?" Dokotala wotopa angayankhe mwachidule, koma ayankha. Makhololo akapanda kuonetsa TB koma chifuwa chapitirira masabata awiri, thupi likutsika, usiku mukutuluka thukuta, bwererani, chifukwa pali makina oyezera TB a GeneXpert ndi X-ray, ndipo kwa ana ndi anthu amene ali ndi HIV, TB imabisala. Mukayezetsa HIV patangopita masiku ochepa chichitireni zimene zikukudetsani nkhawa, zotsatira zabwino sizinakumasuleni. Adzakuuzani tsiku loyezetsanso, ndipo mulisunge.

Ndipo pali zina zimene sizidikira tsiku la m'kabuku. Mwana akakomoka, akakana kuyamwa, akamasanza chilichonse, akamapuma mothamanga nthiti zikulowa m'kati, khosi likauma, nyamukani usiku womwewo, kaya kachipangizo kanati malungo palibe. Mayi amene akuona magazi atasiya kusamba kapena akakhala malo amodzi ndi mwamuna, kapena wapeza chotupa m'bere ngakhale chisakupweteka, asayambe wadikira kukolola kapena kugulitsa fodya. Ngati anakudulani kanyama, siyani manambala awiri a foni, yanu ndi ya wachibale amene foni yake siikhala yozima. Tsiku likakwana zotsatira zisanabwere, pitanibe mukafunse, ndipo akakuuzani kuti sizinafike, funsani tsiku lina, alilembe m'kabukumo.