Wotchi ya kompyuta ikamanama: mafunso ndi mayankho pa nthawi ya pa intaneti

M'maofesi, m'masukulu ndi m'malo otayipira makalata muno mu Zomba, kuyambira ku Chinamwali mpaka ku Mpondabwino, makompyuta ambiri ndi a kaunjika, ndipo magetsi sachedwa kuzima. Ziwirizi zikakumana, choyamba kusokonekera ndi wotchi. Anthu amathamangira kukonza nthawi pamanja, mawa lake n'kupeza yalakwikanso. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amisiri a makompyuta amafunsidwa kawirikawiri.

Kompyuta ili ndi wotchi yakeyake, nanga ikafunsirenji nthawi kwina?

Wotchi ya m'kati mwa kompyuta imadalira kamwala ka quartz kamene kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi imodzi. Palibe kamwala kamene kanasemedwa ndendende, ndipo kutentha kumasintha kanjenjemeredwe kake, moti makina omwewo amayenda mosiyana m'chisanu cha Juni ndi m'kutentha kwa Okutobala. Kamwalako kakaphonya ndi magawo 20 okha pa miliyoni, wotchi imatsala kapena kuthamanga ndi masekondi pafupifupi awiri pa tsiku. Pakutha pa mwezi yataya pafupifupi mphindi yathunthu, ndipo palibe amene wazindikira.

NTP ndi chiyani, ndipo nthawi imaipeza bwanji?

NTP (Network Time Protocol) ndi njira imene makompyuta amafunsirana nthawi pa netiweki. Anaiyambitsa ndi David Mills wa ku yunivesite ya Delaware ku America, inalembedwa koyamba mu 1985, ndipo mtundu wachinayi umene ukugwira ntchito lero unatuluka mu 2010. Mauthenga ake amadutsa pa UDP, imodzi mwa njira zotumizira mauthenga pa netiweki, pa khomo (poti) nambala 123.

Kufunsa chabe kuti "nthawi ili bwanji" n'kosakwanira, chifukwa yankho likamafika nthawiyo imakhala itapita kale. N'chifukwa chake NTP imalemba nthawi kanayi pa ulendo umodzi. Tiyerekeze kuti kompyuta yanu yatumiza funso wotchi yake ili pa 10:00:00.000. Seva, kompyuta yoyankha mafunso a makompyuta ena, yalandira yake ili pa 10:00:05.060, n'kuyankha pa 10:00:05.061. Yankho lafika kwanu wotchi yanu ili pa 10:00:00.121. Ulendo wonse watenga mamilisekondi 121, ndipo tikachotsapo imodzi imene seva inakhala ndi funsolo, m'njira mwapita 120. Kompyuta imaganiza kuti theka, 60, ndi la popita, theka lina la pobwera. Ikachotsa 60 ameneyu pa masekondi 5.060 a pakati pa nthawi yotumizira funso ndi imene seva inalilandira, imapeza kuti yatsalira ndi masekondi 5 ndendende.

Pofooka pake ndi pa kuganiza kuti njira yopita ndi yobwera n'zofanana. Pa intaneti ya pa foni sizikhala choncho nthawi zonse, makamaka wina akamatumiza mafayilo akuluakulu pa rauta yomweyo. Komabe kulakwitsa kwake sikungapose theka la ulendowo. M'chitsanzo chathu ndi mamilisekondi 60, ndipo palibe ntchito ya mu ofesi imene ingaonongeke ndi zimenezo.

Nanga maseva amenewa nthawi amaitenga kuti?

Ali m'magulu otchedwa stratum. Pamwamba, stratum 0, pali mawotchi a atomiki ndi zida zolandira nthawi kuchokera ku GPS. Seva yolumikizidwa mwachindunji ku chida chotere ili pa stratum 1, yotenga kwa iyo ili pa 2, mpaka 15. Mukaona 16, makinawo sanapeze nthawi kulikonse. Musavutike kusakasaka stratum 1: seva ya pa 2 kapena 3 imene ili pafupi imakuthandizani kuposa ya pa 1 imene ili kutsidya la nyanja.

Wotchi yalakwika. Ndiyambire pati?

Musanakhudze chilichonse, onani kuti yalakwika ndi zingati, chifukwa kukula kwa kusiyanako n'kumene kumaulula vuto.

Ikasiyana ndi maola athunthu, mphindi zili bwinobwino, vuto ndi chigawo cha nthawi (time zone). NTP imapereka nthawi ya UTC yokha, imene dziko lonse limawerengerapo nthawi zake, ndipo ndi kompyuta yanu imene imawonjezerapo maola awiri kuti ikhale nthawi ya ku Malawi. Laputopu yochokera ku London imatsalira ndi maola awiri, kapena ola limodzi kumeneko kukakhala chilimwe. Imene yatsalira ndi maola 9 kapena 10 inasiyidwa pa nthawi ya Pacific ya ku America, zimene zimachitika kwambiri munthu akaika Windows yatsopano mothamanga. Apa mpamene ambiri amalakwitsa: amatembenuza maola pamanja chigawo chili cholakwika. Pa sikirini zimaoneka bwino, koma m'kati UTC yasokonekera, ndipo kompyuta ikangofunsa seva imabweza zonse mwakale.

Ikabwerera zaka zambiri m'mbuyo, pa 1 Januwale wa chaka china chakale, nthawi iliyonse magetsi akazima, batire ya pa motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta, yatha. Pa makompyuta a pa tebulo imakhala CR2032, yozungulira ngati ndalama yachitsulo, ya mavoti atatu. Zimitsani, zulani chingwe cha magetsi, kankhani kachitsulo kamene kaigwira, n'kuika yatsopano chizindikiro cha + chili pamwamba. Kenako lowani mu BIOS, pulogalamu imene imayamba kompyuta ikangoyaka Windows isanatseguke, mukonze tsiku ndi nthawi. M'malaputopu ambiri batireyi imakhala yokutidwa ndi pulasitiki, ili ndi timawaya tiwiri ndi kapulagi, choncho tengani yakaleyo pokagula.

Ikasiyana ndi mphindi zochepa chabe, chigawo ndi batire zili bwino, koma kompyutayo sikufikira seva.

Pa Windows ndichite chiyani?

Tsegulani Settings, Time & language, kenako Date & time. Yambani ndi Time zone, musankhe UTC+02:00 Harare, Pretoria. Musasankhe Cairo kapena Athens ngakhale nazo zalembedwa +02:00, chifukwa kumeneko amasintha mawotchi m'chilimwe, pamene ku Malawi sitisintha. Mukatero yatsani Set time automatically, n'kudina Sync now.

Kuti mutsimikize, tsegulani Command Prompt ngati Administrator ndipo lembani `w32tm /query /status`. Pa mzere wa Source payenera kuoneka dzina la seva, monga time.windows.com. Pakalembedwa Local CMOS Clock, makinawo akungodalira kamwala kawo. Lembani `w32tm /resync` kuti afunsenso. Kompyuta ya Windows imene sili mu domain (gulu la makompyuta a mu ofesi olamulidwa ndi seva) imakana kukonza yokha ikasiyana ndi maola oposa 15, choncho ngati tsiku lili kutali, liyandikitseni pamanja kaye, kenako mudine Sync now.

Nanga pa Linux?

Lembani `timedatectl set-timezone Africa/Blantyre`, kenako `timedatectl set-ntp true`. Mukalemba `timedatectl` payokha, funani mzere wonena kuti System clock synchronized: yes. Pa laputopu zimenezi zakwana.

Pa seva ya ofesi ikani chrony, pulogalamu ya NTP imene imapirira bwino intaneti yodukaduka. Fayilo yake pa Ubuntu ndi Debian ndi /etc/chrony/chrony.conf. Mizere iwiri yofunika ndi `pool africa.pool.ntp.org iburst` ndi `makestep 1.0 3`. Mawu a iburst amachititsa kuti ikangoyaka itumize mafunso angapo motsatizana. Mzere wachiwiriwo ukuilola kulumpha kamodzin'kamodzi ngati yasiyana ndi kuposa sekondi imodzi, koma pa maulendo atatu oyamba okha. Lembani `chronyc sources` muone: seva yokhala ndi chizindikiro cha ^* ndiyo yasankhidwa, ndipo 377 pansi pa Reach akutanthauza kuti mafunso 8 omalizira onse anayankhidwa. Musayendetse chrony pamodzi ndi ntpd, pulogalamu ina ya NTP, zimalimbirana wotchi imodzi.

Ndili ndi Windows ndi Linux pa kompyuta imodzi, ndipo ndikasintha wotchi imasiyana ndi maola awiri. Chifukwa chiyani?

Windows imasunga nthawi ya kwanuko pa wotchi ya motherboard, pamene Linux imasungapo UTC. Iliyonse ikayaka imawerenga zimene inzake yasiya mwa njira yake. Chapafupi ndi kulemba `timedatectl set-local-rtc 1` pa Linux. Idzakuchenjezani, koma chenjezolo likukhudza kwambiri mayiko osintha mawotchi m'chilimwe.

Ndisankhe seva iti, ndipo zingati?

Dzina la pool.ntp.org limakulozerani ku maseva a anthu ongodzipereka, ndipo africa.pool.ntp.org limasankha a mu Africa muno. Palinso time.cloudflare.com ndi time.google.com. Pa seva ya ofesi ikani anayi. Imodzi ikanama simungadziwe, awiri akasemphana palibe woweruza, atatu amatha kuloza wolakwa, ndipo wachinayi ndi woti wina akafa atatu atsale.

Musasakanize a Google ndi a pool. Nthawi zina dziko lonse limawonjezera sekondi imodzi pa UTC, ndipo komaliza zinachitika pa 31 Disembala 2016. Maseva a Google sekondi imeneyi amaimwaza pang'onopang'ono m'maola 24, pamene enawo amaiika kamodzi, moti pa tsiku lotero magulu awiriwa amasemphana.

Mu ofesi muli makompyuta 30. Iliyonse izifunsa payokha?

Ayi. Chofunika kwambiri mu ofesi n'chakuti onse agwirizane, ngakhale intaneti itaduka tsiku lonse. Makina amodzi azitenga nthawi kunja, ena onse azitenga kwa iwo. Pa chrony onjezerani `allow 192.168.1.0/24`, kapena manambala a netiweki yanu, ndi `local stratum 10` kuti izipitiriza kugawa nthawi intaneti ikasowa. Makina amenewa akhale pa UPS, chida chopereka magetsi akazima, batire yawo ya CR2032 ikhale yatsopano.

Ngati muli ndi domain ya Windows, dongosolo lilipo kale: makompyuta onse amatsatira domain controller, seva yoyang'anira domain, ndipo mwa maseva otere amene ali ndi udindo wa PDC emulator ndiye yekha woyenera kuloza kunja. Pa iyeyo lembani `w32tm /config /manualpeerlist:"africa.pool.ntp.org,0x8" /syncfromflags:manual /reliable:yes /update`. Ngati ali pa makina a virtual, oyendetsedwa ngati pulogalamu m'kati mwa kompyuta ina, zimitsani zoti azitenga nthawi kwa makina omusunga, apo ayi azikokedwa mbali ziwiri.

Zimene zimaiwalika ndi makina a makamera a CCTV, chida chodindira chala pofika ku ntchito, ndi rauta. Zambiri mwa izi zili ndi malo olembapo seva ya NTP, ndipo mulembepo IP ya seva ya mu ofesi. Katundu akasowa usiku, kanema wosonyeza ola lolakwika amavuta kumugwirizanitsa ndi buku la alonda.

Ndadina Sync now koma ikukana. Chatsekereza n'chiyani?

Kawirikawiri ndi firewall, chitetezo chosefa mauthenga a pa netiweki, imene yatseka UDP 123. Masamba amatseguka bwinobwino chifukwa amadutsa pa mapoti 80 ndi 443, ndiye munthu amaganiza kuti intaneti ili bwino. Yesani `w32tm /stripchart /computer:pool.ntp.org /samples:3 /dataonly`. Ikabweza manambala, njira ndi yotsegula ndipo vuto lili m'makina mwanu. Onani mu services.msc ngati Windows Time ikuyenda. Ikabweza zolakwika zokhazokha, lumikizani kompyutayo ku hotspot ya foni muyesenso. Zikatheka pamenepo, wotseka ndi rauta kapena firewall ya ofesi.

Mphindi zitatu kapena zisanu zili ndi vuto lanji?

Mu domain ya Windows, Kerberos, njira yotsimikizira amene akulowa, imakana makina amene asiyana ndi seva kuposa mphindi 5, ndipo munthu amalephera kulowa ngakhale pasiwedi ili yolondola. Manambala olowera mu akaunti a pa Google Authenticator amasintha masekondi 30 alionse, choncho foni ikasiyana ndi mphindi imodzi kapena ziwiri amakanidwa. Tsiku likabwerera zaka m'mbuyo, masamba onse a https amakana kutseguka, ndipo Chrome imalemba NET::ERR_CERT_DATE_INVALID chifukwa ikuona ngati satifiketi ya tsambalo sinayambe kugwira ntchito. Wophunzira wa ku Chikanda amene akulephera kutsegula tsamba lotumizirapo ntchito ya kusukulu ayambe wayang'ana tsiku pa ngodya ya sikirini asanagule bandulo ina.

Kodi sizidya bandulo?

Uthenga umodzi ndi mabayiti 76. Wotchi ikakhazikika, kompyuta imafunsa kamodzi pa masekondi 1,024, kutanthauza maulendo 84 pa tsiku. Pa maseva anayi, kupita ndi kubwera, ndi pafupifupi 50 KB pa tsiku, osafika 2 MB pa mwezi.

Ndayatsa NTP koma wotchi ikusunthira pang'onopang'ono. Yaonongeka?

Ndi dala. Kubweza wotchi m'mbuyo mwadzidzidzi kumasokoneza database, mosungira zolembedwa za ofesi, chifukwa risiti yolembedwa pambuyo imatha kuoneka ngati inatsogola. Choncho kusiyana kukakhala kochepa, pulogalamu imafulumizitsa kapena kuchedwetsa wotchi mpaka ifike. Pa ntpd liwiro lake silipitirira theka la milisekondi pa sekondi iliyonse, moti kukonza sekondi imodzi motere kumatenga masekondi 2,000. Imalumpha ikasiyana ndi mamilisekondi oposa 128, koma ikapeza kusiyana koposa masekondi 1,000 imangozima yokha, pokhapokha mutaiyatsa ndi -g. Pa chrony mukhoza kuikakamiza ndi `chronyc makestep`, koma pa seva yosunga zamalonda kapena malipiro imitsani database kaye, ndipo muchite zimenezi anthu ataweruka.