Masaya Ofufuma Amenewo Si Thanzi

Ndatopa kumva mawu akuti "adokotala, sitinamumwetse kanthu, timangomupaka." Khungu la khanda ndi lopyapyala, ndipo poyerekeza ndi kulemera kwake ndi lalikulu kuposa la munthu wamkulu. Mukapaka kirimu wamphamvu wa gulu la mankhwala otchedwa steroid, monga clobetasol kapena betamethasone, pamatako ponyuka, n'kumanga thewera pamwamba pake, pamakhala potentha ndi ponyowa, ndiye mankhwalawo amalowa m'magazi.

Akalowa, thupi limawatenga ngati cortisol, homoni yopangidwa ndi tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso. Ubongo ukaona kuti homoniyo yachuluka umasiya kutilamula tiziwaloto, ndipo timaleka ntchito.

Mwana amene amandiwawabe mumtima anabwera ndi agogo ake ali ndi miyezi 5. Nkhope yobulungira, masaya ofufuma, tiubweya pamphumi ndi kumsana, mkamwa muli mbuu ndi zilonda zoyera. Agogo ankanyadira kuti mdzukulu akunenepa. M'buku la sikelo kulemera kunkakwera, koma msinkhu unali utaima. Nditafunsa kachitatu, anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa chubu chofinyidwa mpaka kumapeto, kirimu wa steroid wogula pamsika amene azakhali ake ankadzola kuti ayere. Ankamupaka posintha thewera lililonse, miyezi iwiri yathunthu. Vutoli timalitcha Cushing.

Tsono apa mvetsani, amayi. Ngati mwapaka kwa masabata, musangotaya chubucho lero n'kukhala phee pakhomo. Tiziwalo tija sitidzuka tsiku limodzi. Mwana wotere akagwidwa ndi malungo kapena kutsegula m'mimba, thupi lake limasowa cortisol yolimbira matenda: amasanza, amafooka, shuga ndi BP zimatsika, amakomoka, ndipo akhoza kutisiya. Bwerani naye kuchipatala, chubucho chili m'manja. Timachepetsa mankhwala pang'onopang'ono, ena timawapatsa hydrocortisone wakumwa, steroid wolowa m'malo mwa cortisol, kufikira thupi litayambanso kupanga yakeyake.

Ogulitsa pamsika aja, amene amati kirimu mmodzi amathetsa zipere, zidzolo ndi ziphuphu, sanawerengepo kapepala ka m'bokosi. Clobetasol saloledwa kwa mwana wosakwana chaka chimodzi. Ngakhale kirimu wa hydrocortisone 1%, amene ndi wofatsa, pamalo pa thewera timamulemba ife, ndipo sapitirira masiku 7. Kunyuka kwambiri kumatha ndi kusintha thewera msanga, kumusiya mwana apitidwe mphepo, ndi kupaka zinc oxide kapena Vaseline. Kukakana patatha masiku atatu, kawirikawiri pamakhala fangasi, ndipo steroid amangomukulitsa.