Galimoto yadutsa 200,000 km? Musanagule ma pad, yezetsani disiki kaye

Galimoto zambiri zomwe tikuyendera kunozi zinachoka ku Japan zitayenda kale, kaya Corolla, Axio, Probox, Sienta, Vitz, Tiida, Fit, ndiye tikazigwiritsa ntchito zaka zingapo mmisewu yathuyi mupeza zadutsa 200,000 km. Funso lomwe limabwera pafupipafupi ku galaja ndi lakuti amakaniko, ndigule ma pad ati abwino? Yankho langa ambiri sakondwera nalo. Pa galimoto yoti yayenda chonchi pad payokha siingakonze mabuleki, mutha kugula yodula bwanji koma mukaiika pa disiki yotha ndi kalipa (chitsulo chimene chimapanikiza ma pad pa disiki) yoti inauma siyendanso bwino, ndalama yanu yapita ndipo galimoto siziima momwe mukufunira.

Tiyambe ndi pad yomweyo poti ndi imene aliyense amaidziwa. Ikakhala yatsopano mnofu wake uja umene umakhuza disiki umakhala pafupifupi 10 mm, ina kuposerapo pang'ono. Ikafika pa 3 mm sinthani, musadikire. Ma pad ambiri ali ndi kachitsulo kakang'ono mmbali kamene kamayamba kukanda disiki pad ikatsala pang'ono kutha, nchifukwa chake mumamva kulira kwa tswiii poyenda. Kulira kumeneko nkukuchenjezani. Koma mukamva khwee khwee ngati chitsulo chikudya chitsulo chinzake dziwani kuti mnofu watheratu ndipo disiki ikuonongeka pa buleki iliyonse imene mukuponda.

Tsopano disiki, apa mpamene pali nkhani. Disiki nayo imadyeka, kungoti pang'onopang'ono, ndipo fakitale inalemba malire ake pa disiki pomwepo, mmphepete kapena pakati pomwe pamakhala mabawuti, pamalembedwa MIN TH kenako nambala ya mamilimita. Nthawi zambiri dzimbiri limakhala litakwirira, mpofunika kupala ndi waya bulashi kuti muone. Pa galimoto zing'onozing'onozi kusiyana kwa disiki yatsopano ndi malire akewo kumakhala 2 mm kapena 3 mm basi, ndi maso simungaone, pamafunika chida choyezera kunenepa, micrometer kapena vernier. Ndipo poyeza osayeza kumapeto kwenikweni chifukwa kumeneko kumatsala kamlomo komwe pad sifikako, kamanamiza kuti disiki ikadali yonenepa. Pititsani chala galimoto itazizira, mukamva kamlomo kakuthwa kokola chikhadabo ndiye kuti mkatimo mwadyeka ndithu.

Chifukwa chake timalimbikira za kunenepa kwa disiki nchakuti buleki ntchito yake nkusandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo kutentha konseko kumalowa mu chitsulo cha disiki. Disiki yopyapyala imatentha msanga ngati poto wopyapyala pa mbaula, ndiye mukutsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti, kapena Chiweta, kapena mtsetse wa ku Chikwawa uja mutanyamula anthu ndi matumba, mumangomva kafungo kopsa, mukuponda koma galimoto ikungopitabe. Mtauni simungazindikire vutoli. Limadikira pa mtsetse.

Ena amati tingosikima, kutanthauza kupala disiki pa makina kuti isalale. Kusikima nkwabwino ngati disiki ikadali ndi mnofu wokwanira woti akamaliza kupala ikhalebe pamwamba pa MIN TH ija, koma pa galimoto yoti yayenda 200,000 km ndi disiki zomwe inabwera nazo, kapena zoti zinasikimidwapo kale, kawirikawiri mnofuwo palibe. Mukaona ming'alu, ngakhale ing'onoing'ono yofika kumapeto, kapena madontho abuluu osonyeza kuti inapsa, imeneyo njotaya. Ndipo disiki timasintha ziwiri, kumanja ndi kumanzere, ma pad chimodzimodzi, mbali imodzi yokha ayi, chifukwa mukatero galimoto imakokera mbali pa buleki.

Kunjenjemera kwa sitelingi poponda buleki anthu amati disiki yapindika. Nthawi zina inde koma kawirikawiri nkuti disiki yadyeka mosafanana, pena ponenepa pena popyapyala, ndipo gwero lake limakhala loti pomanga sanapale dzimbiri pa hub pamene disiki imakhala. Kadzimbiri kochepa kokha kamapendeketsa disiki, malire ake pa galimoto zambiri ndi 0.05 mm, kuchepa kuposa tsitsi. Chinanso nkumanga mabawuti a tayala mochita kuponda sipanala ndi mwendo, lina lothina kwambiri lina pang'ono. Ma Toyota ang'onoang'onowa amafuna mphamvu yomangira ya 103 Nm, pomanga modumphitsa bawuti, ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvuyo. Ndimadandaula kwambiri kuona disiki yatsopano ikuyamba kunjenjemera pakangopita miyezi yochepa chifukwa cha zinthu zosalira ndalama ngati zimenezi.

Pogula, musanene kuti ndikufuna ma pad a Corolla basi. Ma Corolla alipo ambiri ndipo ma pad ake ngosiyana. Tengani chassis number mu blue book kapena pa kachitsulo ka mu bonet, monga NZE121 ya Corolla, NZE141 ya Axio, NCP51 ya Probox, NCP81 ya Sienta, KSP90 ya Vitz, ndipo ngati nkotheka nyamulani pad yakaleyo mukafananitse pa kauntala, makutu ake, kutalika, ndi pomwe pali kachitsulo kolira kaja.

Za mitundu ya ma pad sindichulutsa. Ma organic ngofewa, salira, sadya disiki koma amatha msanga ndipo akatentha amafooka. Ma semi-metallic ali ndi chitsulo chambiri, amapirira kutentha, ndi amene ndimakonda pa Hiace, Probox yonyamula katundu kapena Sienta ya takisi yongokhalira kuima-ima, kuipa kwake amadetsa ma rimu ndipo amadya disiki mofulumirirapo. Ma ceramic ngaukhondo, phee, abwino pa galimoto ya banja yoyenda mtauni, ngakhale kuti mawu oti ceramic masiku ano akulembedwa pa bokosi lililonse ndiye ine sindigula chifukwa cha mawuwo. Chomwe ndimayang'ana ndi wopanga. Akebono, Advics ndi Nisshinbo ndi makampani a ku Japan amene amapangira mafakitale a galimoto mabuleki, ndiye pa galimoto ya ku Japan simungalakwe. Ferodo, Bosch, TRW, ATE nawonso ngodalirika. Yang'ananinso chizindikiro cha ECE R90, kumbuyo kwa pad kumakhala E ndi nambala mkati mwa kabwalo kenako 90R, kutanthauza kuti inayesedwa ndipo kagwiridwe kake sikasiyana ndi pad ya fakitale kuposa 15 peresenti. Kungoti zachinyengo ziliponso, bokosi dzina lalikulu koma mkati utoto wothothoka, zilembo zofufutika ndi chala, mtengo wotsika modabwitsa. Zikatero bwezani.

Ma pad omata aja, oti atenga chitsulo chakale nkumatapo mnofu wina ndi guluu, chonde pa galimoto yonyamula anthu ayi. Mnofuwo ukatentha utha kumatuka wonse nthawi imodzi. Ma disiki obowolabowola okongola aja nawonso asiyeni, mmabowomo ndi momwe ming'alu imayambira komanso fumbi ndi matope athuwa zimadzazamo. Disiki wamba yosalala, yolemera bwino, yokwana.

Chimene chimaiwalika kwambiri pa galimoto yokalamba ndi kalipa. Imayenda pa ma pini awiri otetezedwa ndi timalabala, timalabalato tikang'ambika madzi a mvula amalowa, pini nkuchita dzimbiri nkugwira. Umboni wake uli pa ma pad akale omwewo, muwapemphe amakaniko akuonetseni asanataye. Ngati imodzi yatheratu inzake ikadali yonenepa, kapena yadyeka mopendekera mbali imodzi, vuto ndi kalipa, ndipo mukangoika ma pad atsopano nawonso adyeka chimodzimodzi. Ma pini atsukidwe, apakidwe girizi wa silicone kapena wa mabuleki, osati girizi wamba wa ma bearing amene amatupitsa labala. Pisitoni ya mu kalipa, imene imakankha pad, ikamavuta kubwerera kapena ikudontha, pamafunika repair kit kapena kalipa ina. Tayala limodzi likamatentha kuposa linzake mutayenda pang'ono ndi chizindikiro chomwecho.

Brake fluid, mafuta a mabuleki aja, nayenso. Amayamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono, wa mtundu wa DOT 4 watsopano amawira pa 230°C koma akamwa madzi amatsika mpaka cha pa 155°C, DOT 3 kuchoka pa 205°C kufika 140°C. Akawira mu kalipa pedulo imangolowa pansi ngati palibe kanthu. Zaka ziwiri zilizonse asinthidwe yense, osati kumangothira pamwamba, ndipo mtundu wake walembedwa pa chitsekerero cha kabotolo kake mu bonet. Ndikatsegula kabotolo nkupeza wakuda bii ndimadziwiratu kuti mu galimotoyi sanasinthidwepo chibwerereni. Muonetsenso mapaipi a labala opita ku matayala ngati ali ndi ming'alu kapena potupa, komanso kumbuyo, galimoto zambiri zing'onozing'onozi zili ndi ma drum ndi ma shoes mmalo mwa disiki ndi ma pad, akatha kapena akapanda kuchunidwa ntchito yonse imagwera kutsogolo nkumamaliza ma pad msanga.

Ndalama zikavuta kuti simungathe zonse nthawi imodzi, ine ndimati gulani ma pad apakatikati a kampani yodziwika, yotsalayo ipite ku disiki ngati yafika malire ndi kukonza ma pini, kusiyana nkuthira yonse pa ma pad odula.

Akamaliza kumanga, musanasunthe galimoto pondani pedulo kangapo mpaka ilimbe, poti pisitoni inakankhidwira mkati ndipo kuponda koyamba kumalowa pansi. Kenako pezani msewu wopanda anthu, fikani cha pa 60 km pa ola nkuponda bwinobwino mpaka cha pa 10 osaimiratu, mubwereze maulendo asanu ndi atatu kapena khumi, kenako muyende pang'ono zizizire. Zimenezi zimathandiza kuti pad izolowerane ndi disiki. Makilomita 200 kapena 300 oyambirira pewani buleki yamphamvu pokhapokha pangozi, ndipo pa mtsetse wautali bwezani giya, ya automatic ikani pa 2 kapena L, injini ithandizeko kugwira galimoto.