Galasi loonera chandamale musalipotoze mpaka pa 60

Ambiri amene ndimawaphunzitsa kuwomba mfuti kuno ku Malambo ndi ma scout oteteza nyama, ndipo tsiku loyamba onse amachita zofanana. Akangoika diso pa spotting scope, galasi loonera chandamale patali, dzanja lapotoza kale mpaka pa 60, pamene galasilo limakulitsa zinthu ka 60. Kenako mumva, "Aphunzitsi, galasi ili ndi lakufa."

Si lakufa ayi. Galasi limeneli, lokhala pa miyendo itatu pambali pa wowomba, ntchito yake ndi kukuonetsani pamene chipolopolo chaboola popanda kuyenda mamita 100 kupita ndi kubwera. Komanso munthu mmodzi akanyamuka kupita ku chandamale, mfuti zonse zimayenera kutsitsidwa ndi kuchotsedwa zipolopolo, ndiye nthawi imangothera pamenepo. Bowo la chipolopolo cha saizi ya .308 silifika ngakhale mamilimita 8, la saizi ya .22 ndiye kachepetsetsa, ndipo likagwera pakuda pa pepala limabisala.

Chimene chimasokoneza ndi kutentha. Mwaonapo mmene mpweya umavinira pamwamba pa tara ya Chipata kupita ku Mfuwe masana a mu Okutobala? Mpweya womwewo uli pakati pa inu ndi chandamale. Galasi lokulitsa ka 20 mpaka ka 60 likakulitsa pepala limakulitsanso kuvinako, mabowo n'kumasambira ngati ali m'madzi. Bwererani pa 25 kapena 30, muona bwino. Ine ndimakonda kuyamba m'mamawa nthaka isanatenthe, dzuwa lili kumsana.

Koma kuvinako musakude, chifukwa kumanena za mphepo. Kokerani fokasi patsogolo pang'ono pa chandamale muyang'ane: mafunde akamakwera chilili ngati madzi owira, palibe mphepo yopingasa. Akapendekera kumanja, mphepo ikukankhira komweko, ndipo chipolopolo nachonso chipatukira kumanja.

Vuto lina ndi kuthamangitsa bowo lililonse. Wina amawomba kamodzi, kusuzumira, n'kuyamba kupotoza sikopu ya pamfuti. Wombani katatu kapena kasanu mukulunjika malo amodzi, mnzanu wa pagalasi azilemba bowo lililonse pakapepala, kenako muone pakati pa gulu lonselo. Pa masikopu ambiri kudina kumodzi, ndiko kupotoza kachitsulo ka pasikopu mpaka kalire kamodzi, kumasuntha pogwera chipolopolo pafupifupi mamilimita 7 pa mamita 100. Gulu likakhala masentimita 3 kumanzere, dinani kanayi kupita kumanja, muwombenso katatu.