Viza ya sukulu ikatha ku Joni, faindi siikupulumutsani

M'magulu a WhatsApp a ophunzira achimalawi ku South Africa mumayenda nkhani yakuti viza ya sukulu ikatha palibe chodandaulitsa bola uli ndi kalata ya yunivesite, ndipo pobwerera kumudzi ungolipira faindi pa chipata cha Beitbridge kapena pa bwalo la ndege la OR Tambo. Ena amati "msuweni wanga anachita choncho." Mwina anachitadi, koma kale.

Faindi ija inathetsedwa mu 2014 pamene malamulo atsopano a Home Affairs, nthambi ya boma la South Africa yoona za olowa ndi kutuluka m'dziko, anayamba kugwira ntchito. Lero ofesala akaona kuti mwapyola tsiku lolembedwa pa viza, amakulembani kuti ndinu munthu wosafunika m'dzikomo. Mukapyola masiku osaposa 30, simulowanso kwa chaka chimodzi. Mukaposa masiku 30, ndi zaka 5. Tangoganizani wophunzira wa chaka chachitatu amene wangopita kukadya Khrisimasi ku Mzimba, n'kupeza kuti digiri yatsala tsidya lina la Limpopo!

Kalata ya yunivesite imangothandiza popempha viza, payokha si chilolezo chokhalira. Pempho loonjezera limaperekedwa ku VFS Global, kampani yolandira mapempho a viza m'malo mwa Home Affairs, kutatsala masiku osachepera 60 viza isanathe, limodzi ndi umboni wa medical aid (inshulansi ya chipatala) yolembetsedwa m'dzikomo. Lisiti ya pempholo musaitaye, iikeni mkati mwa pasipoti.

Ngati viza yatha kale, khomo silinatsekeretu, koma n'lopapatiza. Muyenera kufotokozera Home Affairs chifukwa chomveka chimene munachedwera, monga kugonekedwa m'chipatala, ndi mapepala ake m'manja. Kuiwala tsiku sachiwerengera.