Kompyuta Siiwerengeratu Njira Zonse pa Masewera a Hex

Anthu ena muno mu Lusaka amakhulupirira kuti kompyuta imapambana masewera a Hex (masewera a anthu awiri oika timiyala mosinthana m'timabokosi ta pa bolodi) chifukwa imawerengeratu njira zonse mpaka kumapeto. Zimenezi si zoona. Pa bolodi la timabokosi 121, pomwe wosewera aliyense amayesetsa kulumikiza mbali zake ziwiri zoyang'anizana, njira n'zochuluka kwambiri moti palibe makina amene angazimalize. Katswiri wa masamu John Nash anatsimikizira kuti woyamba kusewera ali ndi njira yopambanira, koma njirayo sanaionetse. N'chifukwa chake pulogalamu ya kompyuta yosewera Hex yotchedwa MoHex, yopangidwa ku University of Alberta ku Canada, imayeserera masewera ambirimbiri payokha n'kusankha kabokosi kamene kapambanitsa kawirikawiri, ndipo poti kumeneku n'kuyerekezera chabe, nthawi zina imaphonya ndithu.