Janet Watson ndi mkangano wa miyala ya ku Scourie

Mu 2023 zinakwana zaka 100 chibadwire Janet Watson, mayi woyamba kutsogolera bungwe la akatswiri a za miyala la Geological Society of London, ndipo nkhani ziwiri zokhudza iye sizinathebe. Yoyamba ndi ya akatswiri a za miyala: kodi zimene iye ndi mwamuna wake John Sutton ananena mu 1951 za miyala yakale ya kumpoto chakumadzulo kwa Scotland zikadali zoona? Yachiwiri ndi ya wina aliyense: n'chifukwa chiyani mwamunayo anakhala pulofesa mu 1958, pamene mkaziyo, amene anagwira naye ntchito imodzimodzi, anadikira mpaka 1974?

Janet anabadwira ku Hampstead mu London pa 1 September 1923. Bambo ake, D. M. S. Watson, anali pulofesa wodziwika pa za mafupa a nyama zamakedzana. Janet anaphunzira sayansi ku Reading, anaphunzitsako pang'ono pa sukulu ya atsikana, kenako mu 1945 analowa ku Imperial College. Kumeneko pulofesa H. H. Read anamutuma ku Scourie, mudzi wa m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha Sutherland, ndipo anatuma Sutton kum'mwera, ku Loch Torridon. Onse awiri anatenga PhD mu 1949, n'kukwatirana chaka chomwecho.

Miyala imene anakaiona, yotchedwa Lewisian gneiss, ndi yakale kuposa ina yonse ku Britain. Inatenthedwa ndi kukanyidwa pansi pa dziko moti mulibe zotsalira za zamoyo zothandiza kudziwa zaka zake, ndipo panthawiyo njira yoyezera zaka za mwala mu labotale inali isanafike podalirika pa miyala yotere. Munthu ukaima pamenepo umangoona mizere yotuwa ndi yoyera, yopindikapindika, phiri ndi phiri. Akatswiri a boma, Ben Peach ndi John Horne ndi anzawo, anali atajambula kale mapu abwino kwambiri a derali m'lipoti lawo la 1907. Chimene chinkasowa chinali ndondomeko ya nthawi, chiyambi ndi chotsatira.

Apa ndi pamene nkhani inatembenukira. M'miyala imeneyi mumadutsa mitsempha ya mwala wakuda, ma dyke, imene inapangika pamene mwala wosungunuka unalowa m'ming'alu n'kuuma. Ku Scourie mitsemphayi ndi yowongoka, imadula mizere ya gneiss mosakhota, ndipo mwala wake sunasinthe kwenikweni. Ukangoyenda pang'ono kumpoto, kufika ku Loch Laxford, mitsempha ija yapindika, yaphwatalala, mwala wake wasanduka wina. Zili ngati mzere wa choko umene telala wajambula pansalu: ukaupeza utakhota, umadziwa kuti nsaluyo yakokedwa mzere utajambulidwa kale. Watson ndi Sutton anati ngati mitsempha yonseyi inalowa nyengo imodzi, ndiye kuti kukanyika kwa miyala kunachitika kawiri: kamodzi mitsempha isanalowe, kumene anakutcha Scourian, ndi kachiwiri italowa, kumene anakutcha Laxfordian. Njira yowerengera nthawi ndi mitsempha si yawo, J. J. Sederholm anali ataigwiritsa kale ntchito ku Finland. Chawo n'chakuti anaiyesa pa dera lalikulu, ndi nyundo, kampasi ndi mapu, n'kulimba mtima kunena kuti pakati pa zochitika ziwirizo panadutsa nthawi yaitali zedi.

Patapita zaka pafupifupi 10, akatswiri a ku Oxford, pamodzi ndi Stephen Moorbath, anayeza zaka za miyalayo ndipo anapeza kuti zochitika ziwirizo zinatalikirana ndi zaka pafupifupi biliyoni imodzi. Awiri aja anali atalondola.

Komabe mfundo yawo yonse inatsamira pa mawu akuti "nyengo imodzi". Otsutsa anagwira pomwepo, ndipo anali ndi chifukwa. Kuyeza kwa 1989 kunaonetsa kuti mitsempha ina ili ndi zaka pafupifupi mabiliyoni 2.4, ina pafupifupi mabiliyoni 2.0. Kenako Clark Friend ndi Peter Kinny, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, anati Lewisian si chigamba chimodzi chimene chinakanyidwa kawiri, koma zidutswa zingapo zobadwira kosiyana zimene zinadzalumikizana pambuyo pake. Ena amavomereza zidutswa zochepa chabe. Ine ndikaziyika pamlingo, ndimaona kuti otsutsawo anawonjezera zambiri zoona, koma akamafotokoza zimene apeza amagwiritsabe ntchito mayina a Scourie ndi Laxford, ndipo wophunzira aliyense wopita kumeneko amayamba n'kufunsa ngati mtsempha wadula mizere kapena wapindika nayo.

Nkhani ya udindo wake ndi yowawa. Kuyambira 1952 Watson anali wothandizira kafukufuku wa Read, ndipo anakhala pa maudindo otsika chotero zaka zoposa 20, akulemba naye mabuku ophunzitsira, akulangiza ophunzira a PhD. M'zaka za m'ma 1950 iye ndi Sutton anafufuzanso miyala ya kumadzulo kwa Tanganyika, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, ya m'lamba wa miyala wotchedwa Ubendian umene umatsika mpaka kumapiri a Misuku kuno kwathu. Mendulo ya Bigsby, imene bungwe la Geological Society limapereka, mu 1965 analandira awiri. Sutton analowa m'bungwe lapamwamba la asayansi ku Britain, la Royal Society, mu 1966. Watson mu 1979. Mbiri yake yotalikirapo inalembedwa ndi Douglas Fettes ndi Jane Plant, anthu amene anagwira naye ntchito ndi kumukonda, choncho imatsindika nzeru zake kuposa kuchedwa kwa ulemu. Koma madetiwo alipo, ndipo sasowa womasulira. Ana awiri aakazi a Watson ndi Sutton anamwalira pobadwa.

M'zaka zake zomaliza anagwira ntchito ndi Plant pofufuza mmene miyala yamtengo, monga uranium, imafalikira m'mapiri a Scotland. Bungwe la Geological Society, limene linakhazikitsidwa mu 1807 ndipo linayamba kulandira amayi ngati mamembala mu 1919, linamusankha kukhala pulezidenti mu 1982. Anatsiriza udindowo mu 1984 ndipo anamwalira pa 29 March 1985 ali ndi zaka 61.